George Boole, Mphunzitsi Amene Adaŵerengera Maganizo

Mu mzinda wa Lincoln, cha kuvuma kwa dziko la England, mudali mmisiri wina wosoka nsapato dzina lake John Boole. Anthu adamdziŵa kuti ntchito yake adaitha, koma adadziŵanso kuti mtima wake sudali pa zikopa ai. Pamene amisiri anzake ankalimbirana ogula, iye ankaŵerenga masamu ndi kupera magalasi oonera nyenyezi, ndipo atatha kupanga chipangizo chimodzi chotere adapachika chikalata pa zenera kuitana aliyense wofuna kupenya zakumwamba kuti aloŵe. M'banja limeneli, pa 2 Novembala 1815, mkazi wake Mary Ann adabala mwana wao wachisamba, atakhala zaka 9 muukwati wopanda mphatso. Mwanayo adamutcha George.

Pambuyo pake padabadwa ena atatu, motero pakamwa padachuluka pamene ndalama za nsapato zidali kucheperachepera. George adaloŵa sukulu za ana a amisiri ndi a ogulitsa m'sitolo, kumene ankaphunzitsa kulemba bwino ndi kuŵerengera za malonda. Sukulu za ana a olemera, zimene zinkatsegulira mnyamata njira ya ku Oxford kapena ku Cambridge, iye ankangozionera patali. Masamu oyamba adaphunzira kwa atate ake. Chilatini adamuyambitsa ndi wogulitsa mabuku wina wa mumzindamo, William Brooke, koma Chigriki adadziphunzitsa yekha, ndipo adadzachita chimodzimodzi ndi Chifalansa ndi Chijeremani.

Ali ndi zaka 14 adamasulira m'Chingerezi ndakatulo ya Mgriki wakale Meleager, ndipo atate ake, mwa kunyadira, adaipereka ku nyuzipepala ya mumzindamo. Itatuluka, mphunzitsi wina adalemba kalata yotsutsa, kunena kuti mwana wa msinkhu umenewo sakadatha ntchito yotere payekha. Makalata adayankhana kwa kanthaŵi ndithu. Wotsutsayo ankayesa kuti akumchititsa manyazi mnyamatayo, osadziŵa kuti akumlengeza, pakuti kuyambira pamenepo mzinda udadziŵa kuti kwa wosoka nsapato uja kuli mwana wanzeru zachilendo.

M'chaka cha 1831 malonda a atate ake adagweratu. Katundu yense wa banja, makolo aŵiri ndi abale atatu, adagwera pa pheŵa la mnyamata wa zaka 16. Adali ndi maganizo odzakhala mbusa wa mpingo, koma m'nyumba mudalibe chakudya choyembekezera zimenezo. Adapeza ntchito ya uphunzitsi wothandizira pa sukulu ya bambo wina dzina lake Heigham ku Doncaster, mtunda wa mamailosi pafupifupi 40 kuchokera kwao.

Kumeneko ndiko adayambira masamu akuya. Mkazi wake adasimba pambuyo pake kuti chifukwa chake chidali cha ndalama: mabuku ena ankatha msanga kuŵerenga, koma buku limodzi la masamu linkamdyera miyezi, motero kandalama kake kochepako kankapita patali. Adagula buku la Chifalansa la Lacroix la masamu a calculus, naliŵerenga wopanda womuunikira, kubwerera pa tsamba lomwelo mpaka litamveka. Eni sukuluyo adali a mpingo wa Methodist, ndipo kumasimbidwa kuti sadakondwe ndi mphunzitsi woŵerengera masamu pa tsiku la Mulungu, ngakhale m'kati mwa mapemphero. Mu 1833 ntchito idamthera. Koma asanachoke ku Doncaster, tsiku lina akudutsa m'munda, lidamfikira ganizo limene adadzalisenza moyo wake wonse: kuti kaganizidwe ka munthu kali ndi malamulo ake, ndi kuti malamulowo angathe kulembedwa ndi zizindikiro monga za algebra.

Ataphunzitsa pang'ono ku Liverpool ndi ku Waddington, mudzi wa pafupi ndi kwao, adatsegula sukulu yakeyake ku Lincoln mu 1834. Mu 1838 adaitanidwa kukayendetsa sukulu ya ku Waddington ija mwini wake atamwalira, ndipo mu 1840 adabwerera ku Lincoln nakhazikitsa sukulu yogonera komweko pa mseu wa Pottergate, banja lonse likumthandiza. Aphunzitsi amene adagwirapo ntchito pa sukulu yogonera akudziŵa chimene izi zitanthauza. Usana ndi wa m'kalasi, madzulo ndi a kuyang'anira ana, kuchonga makope ndi kuŵerengera za chakudya, ndipo chotsalira mphunzitsi ndi usiku wokha. Usiku umenewo ndiwo Boole adalimamo munda wake. Mabuku ankaŵapeza ku Mechanics' Institute, bungwe lophunzitsa anthu apantchito limene atate ake ankasunga laibulale yake, ndiponso kwa Sir Edward Bromhead, munthu wachuma wodziŵa masamu amene ankamubwereka mabuku a akatswiri a ku France. Adalimbana ndi Lagrange ndi Laplace, olemba amene ngakhale ophunzira a ku yunivesite ankaŵaopa. Mu 1835 adalankhula pa bungwe lija za ntchito za Isaac Newton, ndipo mau ake adasindikizidwa.

Mwai wake udadzera mwa mnyamata mnzake, Duncan Gregory, mkonzi wa magazini ya masamu ya ku Cambridge. Gregory sadafunse za digiri. Adaŵerenga zimene mphunzitsi wa ku Lincoln adatumiza, adamlangiza pa kalembedwe, nayamba kuzisindikiza cha mu 1840. Padamveka ndithu maganizo akuti Boole apite ku Cambridge akaphunzire monga ena onse, koma kutero kukadatanthauza kusiya sukulu yake zaka zingapo, pamene sukuluyo ndiyo idali nkhokwe ya banja lonse. Adakhala. Ena angati Cambridge ikadamnola koposa. Koma nkutheka kuti ikadamloŵetsa m'mizere ya mayeso imene anzake onse ankayendamo, ndipo kanjira kachilendo kamene adadzatsegula sakadakaona.

Mu 1844 Royal Society ya ku London idalandira kwa iye nkhani yaitali ya njira zothetsera masamu a calculus. Padatsala pang'ono kuti ikanidwe, koma Philip Kelland, pulofesa wa ku Edinburgh amene adapatsidwa kuti aiyese, adaiikira kumbuyo kolimba. Idasindikizidwa, ndipo mphunzitsi wa ana uja adalandira mendulo ya golide ya bungwelo, Royal Medal. Gregory sadaione, adamwalira kumayambiriro kwa chaka chomwecho ali ndi zaka 30.

Chimene chidadzutsa ganizo la m'munda wa ku Doncaster lija chidali mkangano wa anthu ena. Augustus De Morgan wa ku London, bwenzi la Boole la m'makalata, adatsutsana poyera ndi Sir William Hamilton wa ku Edinburgh pa za logic, ndilo phunziro la kaganizidwe kolongosoka, lofufuza ngati mfundo yomaliza ikutulukadi m'mfundo zoyamba. Kwa zaka zoposa 2,000 phunziroli lidatsamira pa Aristotle, ndipo lidali m'manja mwa anthu a filosofi, osati a masamu. Boole adatsatira mkanganowo, nakhala pansi, ndipo mu 1847 adatulutsa kabuku kotchedwa The Mathematical Analysis of Logic.

Mfundo yake njosavuta kuimva kwa aliyense amene adaimapo pa bwalo la sukulu m'maŵa. Ana onse ali pamzere, ndipo gulu lonselo Boole adalitcha 1. Mphunzitsi wamkulu aitana atsikana kuti aime pambali: amenewo ndi x. Otsala pamzere ndi 1 − x, ndiko kuti onse kuchotsapo atsikana. Tsono pakati pa atsikana aja aitananso a Fomu 4 okha, amene chizindikiro chao ndi y. Opatulidwa kaŵiri ameneŵa Boole adaŵalemba xy, monga mochulukitsa. Mphunzitsi wamkuluyo akadayamba ndi a Fomu 4 nkudzapatula atsikana pambuyo, oima pambali akadakhala ana omwewo, choncho xy ndi yx nchimodzimodzi. Ndipo akaitana gulu limene mulibe ndi mmodzi yemwe, pambali paja pakhala popanda munthu: imeneyo ndiyo 0.

Apa mpamene padatulukira chodabwitsa. Atapatula atsikana, mphunzitsi wamkulu akaitananso atsikana pakati pa atsikanawo, palibe chosintha. Motero x kuchulukitsa ndi x ndi x yemweyo. M'masamu a masiku onse izi sizichitika, pakuti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9. Manambala omvera lamuloli alipo aŵiri okha, 0 ndi 1, ndipo Boole adaona kuti algebra ya maganizo imayenda monga algebra ya manambala aŵiriŵa: palibe ndi zonse, kapena bodza ndi zoona. Kuchokera pa lamulo lomweli adatulutsa lina, lakuti x kuchulukitsa ndi 1 − x ndi 0, kutanthauza kuti palibe mwana angakhale pakati pa oitanidwa ndi pakati pa otsala nthaŵi imodzi. Aristotle adaphunzitsa zomwezo ndi mau. Boole adazipeza monga yankho la samu. Chiganizo chonga chakuti onse a Fomu 4 alemba mayeso chidasanduka mzere wa zizindikiro wonena kuti a Fomu 4 osalemba mayeso ndi 0. Mizere yotere ingapo ikaikidwa pamodzi, munthu angathe kuŵerengera chotsatira chake ngakhale ataiŵala kuti zilembozo zikuimira chiyani. Pamenepa ndipo padagona mbeu, pakuti ntchito yotheka popanda kumva tanthauzo ndiyo ntchito imene makina angaigwire.

Adazindikiranso msampha umene uli m'chilankhulo. Iye adauona m'Chingerezi, koma ulimo m'zilankhulo zambiri. Munthu akati abwere ana a Fomu 3 ndi a Fomu 4, kamau kakuti ndi kakuphatikiza magulu aŵiri, ndipo chizindikiro chake ndi x + y. Koma akati abwere ana aatali ndi amphamvu, kamau komweko kangathe kupatula kaŵiri, nkusiya okhawo amene ali nazo zonse ziŵiri. Koyamba gulu likukula, kachiŵiri likuchepa, chonsecho mau ndi amodzi. Khutu la munthu limasiyanitsa mosavutika chifukwa limadziŵa kuti mwana sakhala m'makalasi aŵiri. Zizindikiro zilibe nzeru imeneyo, nchifukwa chake ziyenera kulembedwa mosanamizira.

Atate ake adamwalira mu Disembala 1848. Chaka chotsatira kudatsegulidwa makoleji atatu atsopano ku Ireland, ku Belfast, ku Galway ndi ku Cork, ndipo Boole, mothandizidwa ndi makalata a umboni a De Morgan, Kelland ndi akatswiri ena, adasankhidwa kukhala pulofesa woyamba wa masamu pa Queen's College ku Cork. Adali ataphunzitsa ana zaka 18, ndipo adalibe digiri ya yunivesite iliyonse. Anthu a ku Lincoln adamkonzera phwando lotsazikana nampatsa mphatso za mabuku ndi choikamo inki chasiliva.

Dziko limene adafikamo lidali m'maliro. Kuyambira 1845 matenda adaoletsa mbatata ya kachewere imene amphaŵi ankadalira, ndipo njala idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ena ochuluka chomwecho nathaŵira kunja. Kolejiyo nayo idali pa mkangano, poti sidali ya mpingo uliwonse, ndipo mu 1850 mabishopu a Katolika, atasonkhana ku Thurles, adaidzudzula pamodzi ndi inzake ija. Boole adali munthu wopembedza koma wosamangika ku gulu limodzi, ndipo ndeu zachipembedzo zidamtopetsa. Sikuti iye mwini adali wopanda ukali. Adakangana zaka zingapo ndi mkulu wa kolejiyo, Sir Robert Kane, amene ankakhalitsa ku Dublin kusiyana ndi ku Cork, mpaka nkhaniyo idafika m'nyuzipepala. Adali wofatsa ndi ophunzira, koma pa chimene adachiyesa chosalungama sankabwerera msanga.

Ku Cork komweko adamaliza buku lake lalikulu, An Investigation of the Laws of Thought, limene lidatuluka mu 1854. Mudali algebra ija yokonzedwa bwino, ndiponso gawo lalikulu la kuŵerengera za mwai wakuti chinthu chichitike. Dzina la bukuli lidalonjeza zoposa zimene lidapereka, pakuti munthu poganiza amakaika, amayerekeza, amakumbukira mwa theka, ndipo zonsezi sizikwana mu 0 ndi 1. Chimene Boole adapezadi ndi malamulo a kusankha ndi kutsimikiza. Koma chimenecho chokha chidali chachikulu. Ulemu udabwera: mu 1857 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo mayunivesite a Dublin ndi Oxford adampatsa madigiri aulemu. Komabe ambiri ankamtama chifukwa cha mabuku ake a masamu a calculus a 1859 ndi 1860, amene ankaphunzitsidwa m'makoleji. Algebra ya maganizo ankaiona ngati choseŵeretsa cha munthu wanzeru.

Mu 1850 adakumana ndi Mary Everest, mtsikana wa zaka 18 amene adadzacheza kwa malume ake, pulofesa wa Chigriki pa kolejiyo. Mbale wa atate ake a Mary adali George Everest, woyeza malo ku India, amene phiri lalitali koposa onse lidatchedwa ndi dzina lake. Ubwenzi wao udayambira pa maphunziro a masamu. Atate a Mary atamwalira mu 1855 nkumsiya wopanda chuma, Boole adamfunsira, ndipo adakwatirana mu Sepitembala chaka chomwecho. Adabereka ana aakazi asanu.

Kumapeto kwa Novembala 1864 Boole adayenda pansi mamailosi angapo m'mvula yamphamvu kuchokera kunyumba kwake ku Ballintemple kupita ku koleji, naphunzitsa ndi zovala zonyowa pofuna kusaphonya phunziro. Adadwala chibayo. Kumasimbidwa kuti mkazi wake, amene ankakhulupirira kuti mankhwala ayenera kufanana ndi chimene chidayambitsa nthenda, adamfunditsa nsalu zonyowa. Adamwalira pa 8 Disembala 1864 ali ndi zaka 49, naikidwa m'manda a tchalitchi cha St Michael ku Blackrock. Mwana wake wamkulu adali ndi zaka 8, ndipo wotsiriza adali asanakwanitse chaka.

Namfedwayo adabwerera ku England nakagwira ntchito yosunga laibulale pa Queen's College ya ku London, ndipo anawo adakula movutika, ena kwa achibale. Komabe Alicia adadzatchuka pa geometry wopanda kupita ku yunivesite, monga atate ake. Lucy adakhala mphunzitsi wa chemistry pa sukulu ya udokotala ya akazi ku London. Ethel, khanda lija, adalemba buku la nkhani, The Gadfly, la mu 1897, limene lidaŵerengedwa kwambiri ku Russia ndi ku China. Geoffrey Hinton, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2024 chifukwa cha ntchito yake pa makompyuta ophunzira, ndi wa mbumba ya mwana woyamba, Mary Ellen.

Algebra ija idayamba yakonzedwa ndi ena. Boole ankalola kuphatikiza magulu okhawo amene saloŵerana, koma mu 1864 William Stanley Jevons adaonetsa kuti nkwabwino kulola x + y kuimira onse a gulu ili, kapena ilo, kapena onse aŵiri. Mu 1880 John Venn adajambula magulu ngati mabwalo oloŵerana, amene ana asukulu amaŵadziŵa bwino. Koma ntchito yeniyeni idapezeka mu 1937, patapita zaka 73 Boole ali m'manda. Claude Shannon, wophunzira wa zaka 21 pa Massachusetts Institute of Technology ku America, adaona kuti swichi yamagetsi ili ndi makhalidwe aŵiri okha, kulola moto kudutsa kapena kuutsekereza. Maswichi aŵiri otsatizana pa waya mmodzi amadutsitsa moto pokhapokha onse atalola, kumene kuli kuchulukitsa kwa Boole. Aŵiri oyandikana pa mawaya osiyana amadutsitsa ngakhale mmodzi yekha atalola, kumene kuli kuphatikiza. Makompyuta adamangidwa pa maziko ameneŵa.

Mbali ina ya choloŵa chake ili pa kufunafuna zinthu m'nkhokwe za zolembedwa, zimene akatswiri amazitcha database. Mu 1970 Edgar Codd, Mngerezi wogwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose, adalemba kuti zolembedwa zisungidwe m'matebulo a mizere, ndi kuti wofunsa azingonena chimene akufuna, osati njira yochipezera. Mu 1974 anzake aŵiri, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, adakonza chilankhulo chofunsira chimene chidadzatchedwa SQL. M'chilankhulochi funso limatchula tebulo, kenaka pambuyo pa mau akuti WHERE limatchula zoyenereza, zolumikizidwa ndi AND, OR ndi NOT. Atatuŵa ndiwo kuchulukitsa, kuphatikiza ndi kuchotsa pa 1 kwa Boole. Mzere uliwonse wa tebulo umayesedwa ngati mwana pa bwalo lija: ukapeza 1 uima pambali, ukapeza 0 utsala.

Koma kalaliki wa pa ofesi kapena wophunzira wa mu laibulale salemba SQL. Iye amangolemba mau angapo m'kabokosi kofufuzira. Pakati pa iye ndi nkhokwe pamaima pulogalamu yotchedwa parser, imene ntchito yake ikunga ya womasulira m'bwalo la milandu. Poyamba imaduladula zolembedwazo potsata mipata, kupatula mau otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mau, amene imaŵasunga pamodzi. Kenaka imasiyanitsa mau ofunidwa ndi mau olamula, monga OR kapena kamzere kochotsera patsogolo pa mau. Pamene wolemba sadaike cholumikizira chilichonse, mapulogalamu ambiri amaikapo AND mwakachetechete. Munthu akalemba chimanga feteleza -fodya, womasulirayo amamva kuti afuna zolembedwa zotchula chimanga, zotchulanso feteleza, koma zosatchula fodya, ndipo Boole akadazilemba xy(1 − z). Pomaliza zidutswazo zimasanjidwa ngati nthambi za mtengo, nthambi iliyonse ndi cholumikizira chake, ndipo kuchokera pa mtengowo funso la SQL limalembedwa.

Misampha imene Boole adaiona ikadalipo. Kalaliki wofuna ana a makalasi aŵiri akalemba Fomu 3 AND Fomu 4 m'kaundula amene mwana aliyense ali ndi kalasi imodzi, amalandira tsamba lopanda kanthu, nayamba kunyoza makina, chonsecho makinawo ayankha moona kuti palibe mwana ali m'makalasi onse aŵiri. Palinso funso la chimene chiyambe. Mu SQL, AND amatsogolera OR monga kuchulukitsa kumatsogolera kuphatikiza, momwe 2 + 3 × 4 imakhalira 14, osati 20. Tsono chimanga OR mapira AND feteleza chimabweretsa zonse za chimanga, ngakhale zosatchula feteleza nkomwe. Koma nkhokwe ya zachipatala ya PubMed imaŵerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, motero mau omwewo kumeneko akadafuna feteleza pa mbeu zonse ziŵiri. Wokonza parser ayenera kusankha lamulo limodzi, ndipo wofufuza wochenjera amatsekera m'mabulaketi zimene afuna ziyendere pamodzi.

Pa chinthu chimodzi a SQL adampatuka Boole. Tebulo lenileni limakhala ndi mipata: mwana wina chaka chake chobadwa sichidalembedwe. Kwa wotere adaonjeza yankho lachitatu, lakuti sizikudziŵika. Zotsatira zake nzakuti mwanayo sapezeka pofunsa oposa zaka 15, ndipo sapezekanso pofunsa osaposa zaka 15. Akaphatikiza mayankho aŵiriwo sakwana sukulu yonse, ndipo amene adaiŵala mipatayo amataya ana m'chiŵerengero osadziŵa.

Za ndondomeko ya mayankho Boole sadanenepo kanthu, pakuti gulu lake lili ngati dengu: lilibe woyamba kapena wotsiriza. Matebulo a Codd nawonso alibe, nchifukwa chake funso limafuna chiganizo china, ORDER BY, chonena kuti mayankho atsate maina, masiku kapena mitengo, mokwera kapena motsika. Parser ikapeza m'kabokosi mau olamula kasanjidwe, imaŵapatula nkuŵatumiza ku chiganizo chimenechi. Komabe kusanja nakonso ndi mulu wa mafunso a inde kapena ai, akuti kodi ichi chitsogole icho, ofunsidwa mobwerezabwereza mpaka zonse zitakhala pamzere. Vuto limagona pa muyeso. Makina amadziŵa zilembo ndi manambala ao: mu ndondomeko ya ASCII, Z wamkulu ndi 90 pamene a wamng'ono ndi 97, choncho pulogalamu yosasamala imaika Zomba patsogolo pa chimanga. Manambala osungidwa ngati mau amasanjidwa chilembo ndi chilembo, 10 natsogolera 2. Chilembo cha ŵ, chimene mu Unicode nambala yake ndi 373, chimagwera kumbuyo kwa z, kotero kuti maŵa amadza pambuyo pa mazira, pokhapokha wokonza atauza nkhokweyo malamulo a kasanjidwe ka chilankhulo.

Choopsa koposa ndi kachizindikiro kakang'ono ka m'mwamba kamene kali m'mau onga ng'ombe ndi ng'oma. Mu SQL kachizindikiro komweko ndiko kamatsegula ndi kutseka mau ofunidwa. Pulogalamu ikangomata zolembedwa za munthu m'kati mwa funso, nkhokwe imayesa kuti mau athera pa ng, ndipo zotsalazo, ombe, imaziŵerenga ngati lamulo, funso nkusweka. Akuba adaona khomo pamenepa: amalemba dala kachizindikiroko m'kabokosi kofufuzira, natsatiza malamulo aoao otulutsa kapena kufafaniza zosungidwa, chinyengo chotchedwa SQL injection. Mankhwala ake ngodziŵika, ndiwo kutumiza funso padera ndi mau a munthu padera, kuti nkhokwe isasokoneze chofunidwa ndi cholamula. Pulogalamu yosoŵa chisamaliro chimenechi imapunthwa pa ng'ombe monga momwe imapunthwira pa O'Sullivan ndi O'Brien, maina ofala ku Cork, kumene laibulale ya yunivesite imatchedwa ndi dzina la Boole.